Kumeza mnzako kapena kukoka naye goli limodzi?

MALOWERA (Marávia) - Lero ndabwera ndi nkhani yochokera kutali, koma mukaitsatira bwino mupeza kuti yafika kale pabwalo la mudzi wathu.

Masiku apitawa ndinakhala nawo pa msonkhano wa timagulu titatu ta alimi a dera lino. Kagulu koyamba kali ndi chigayo. Kachiwiri kali ndi ngolo ziwiri pamodzi ndi ng'ombe zokoka. Kachitatu kali ndi nyumba ya malata yosungiramo chimanga ndi mtedza. Funso linali lakuti: kodi tiphwasule timagulu tathu ndi kupanga gulu limodzi lalikulu, la mtsogoleri mmodzi ndi thumba limodzi la ndalama, kapena aliyense asunge zake koma tizigwirizana pogula feteleza ndi pogulitsa zokolola? Anthu anatsutsana mpaka dzuwa linapendeka, ndipo anabalalika asanamvane.

Pobwerera, mkulu wina amene ndinayenda naye anati: "Mwana wanga, izi ndi zovuta za ife amphawi. Anthu a chuma sakangana zotere." Ndinawayankha mwaulemu kuti ayi bambo, funso lomweli likusowetsa tulo makampani olemera kwambiri pa dziko lonse, amene amapanga kachipangizo kali m'foni imene mwaika m'thumba la malaya anuyo. Ndipo maganizo anga, amene ndifuna kuwafotokoza lero, ndi awa: nthawi zambiri kugwirizana pa ntchito, aliyense akusunga chake, kumapindulitsa kuposa kumezana, koma mgwirizanowo uyenera kulembedwa, ndipo khomo lotulukira liyenera kudziwika kuyambira tsiku loyamba.

Kachipangizo kochepa ngati chikhadabo

Mukatsegula foni, wailesi ya masiku ano kapena kompyuta, mupeza timabanthu takuda, tina tochepa kuposa chikhadabo cha chala. Dzina lake ndi chip, ndipo musasokoneze ndi tchipisi cha mbatata chimene anyamata amakazinga pamsika. M'timabanthu timeneti ndimo mukhala nzeru zonse za foni: kuwerengera, kukumbukira manambala, kulandira mawu ndi kutumiza ndalama. Amatipanga ndi silicon, chinthu chochokera ku miyala ya mtundu wa mchenga, koma ntchito yake ndi yovuta kotero kuti fakitale imodzi yamakono imadya madola a ku America oposa mabiliyoni 10 isanatulutse kanthu.

Chifukwa cha kudula kumeneku, palibe kampani imene ingathe kuchita zonse yokha. Tsono eni makampani ali ndi njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kugula mnzako yense, kapena kuphatikizana naye kuti mukhale kampani imodzi. Njira yachiwiri ndi kupangana naye: iwe uchite ichi, ine ndichite icho, koma aliyense akhale ndi dzina lake, atsogoleri ake ndi thumba lake.

Foni za Tecno ndi itel zimene zadzaza m'misika yathu ndi chitsanzo cha njira yachiwiriyi. Mwini wa mainawa ndi kampani ya Transsion ya ku China. Machip a m'foni zambiri zoterezi amachokera ku MediaTek ya ku Taiwan kapena ku Unisoc ya ku China. Koma makampani awiriwa alibe mafakitale awoawo osulira machip. Iwo amangolemba mapulani ake, ndipo mbali ina ya mapulaniwo amachita kulipira kwa kampani ya Arm ya ku Cambridge, ku England. Kusula kwenikweni kumachitika m'mafakitale a ena, monga a TSMC ya ku Taiwan. Choncho kafoni kamodzi kadutsa m'manja mwa makampani angapo a maiko osiyana, ndipo palibe amene anameza mnzake.

Zimene zinachitikira omeza anzawo

M'chaka cha 2020 kampani ya Nvidia ya ku America inalengeza kuti igula Arm ndi madola mabiliyoni 40. Apa panabuka phokoso. Arm ili ngati chitsime cha pakati pa mudzi: pafupifupi foni zonse za dziko lapansi zimatunga mapulani pamenepo. Makampani ena anafunsa kuti, kodi chitsime chikakhala cha banja limodzi, limene tikupikisana nalo pa malonda, ife tidzatunga bwanji? Maboma a America, Britain ndi a ku Ulaya anayamba kufufuza, ndipo mu February 2022 malondawo analephereka. Nvidia inataya madola biliyoni imodzi ndi mamiliyoni 250 amene inali italipiratu. Koma taonani chimene chinatsatira: Nvidia inapitiriza kugwiritsa ntchito mapulani a Arm mwa pangano, inapitiriza kusulitsa machip ake ku TSMC, ndipo inakula mpaka kukhala imodzi mwa makampani a mtengo wapatali kwambiri pa dziko lonse. Chimene inkafuna kuchipeza mwa kumeza inachipeza mwa kupangana.

Kampani ya Intel, imene kwa zaka zambiri inali tambala wa ntchito imeneyi, inagula kampani ya Altera mu 2015 ndi madola mabiliyoni 16.7. Patapita zaka khumi, mu 2025, inagulitsa gawo la 51 pa 100 la Altera yomweyo, pa mtengo woyesa kampani yonseyo madola mabiliyoni 8.75 okha. Kunena mwachidule, inagula ng'ombe pa mtengo wa ziwiri ndi kudzaigulitsa pa mtengo wa imodzi.

Ku Japan nako, mu 1999 makampani a NEC ndi Hitachi anaphatikiza nthambi zawo zopanga machip osunga zinthu, zimene zinali zitayamba kugonja pa msika, ndipo panabadwa kampani yotchedwa Elpida. Mu 2012 Elpida inagwa ndi ngongole, ndipo chaka chotsatira inagulidwa ndi Micron ya ku America. Kuphatikiza odwala awiri pa mphasa imodzi sikuchiritsa matenda.

Tsopano tione mbali ina. TSMC inayambitsidwa mu 1987 ndi Morris Chang, mothandizidwa ndi boma la Taiwan ndi kampani ya Philips ya ku Holland. Lonjezo lake linali lakuti idzasulira ena machip, koma siidzapanga ake a dzina lake opikisana ndi makasitomala ake. Chifukwa cha lonjezo limeneli, Apple, AMD, Qualcomm, Nvidia ndi MediaTek, amene ena mwa iwo ndi adani pa msika, onse amabweretsa mapulani awo a chinsinsi ku fakitale imodzi. Zili ngati mwini chigayo amene sagulitsa ufa: aliyense amabwera ndi chimanga chake mopanda mantha.

Chinanso chinachitika mu 2012. Kampani ya ASML ya ku Holland inkayesa kupanga makina atsopano olembera machip ang'ono kwambiri, ndipo ntchitoyo inkafuna ndalama zochuluka. Intel, TSMC ndi Samsung, opikisana atatu, anasonkha ndalama za kafukufuku ndipo anagula magawo okwana 23 pa 100 onse pamodzi. Palibe mmodzi mwa iwo amene anatenga ASML kukhala yake. Makinawo anapangidwa, ndipo ASML ndiyo yokha imawapanga pa dziko lonse. Ili ndi dima lenileni: anthu anasonkhana kulima munda umodzi, kenaka aliyense anabwerera kunyumba kwake.

Kwathu kuno taziona ndi maso

Mwina wina anena kuti izi ndi za azungu ndi za ku Asia. Tiyeni tsono tibwerere kwathu ku Moçambique, pa nkhani ya foni yomweyi.

Boma linali ndi makampani awiri: TDM ya matelefoni a mawaya ndi mCel ya foni za m'manja, imene inayamba mu 1997. Onse awiri anali ndi ngongole zazikulu. Mu 2016 boma linaganiza zowaphatikiza, ndipo pofika kumayambiriro a 2019 panali kampani imodzi yotchedwa Tmcel. Dzina linasintha, koma ngongole za awiriwo zinalowa nawo m'nyumba yatsopano, ndipo mCel imene kale inali patsogolo pa onse inadzapezeka, m'dzina lake latsopanolo, ili pambuyo pa Vodacom ndi Movitel. Nkhani yake ikufanana ndi ya Elpida ija.

Movitel inabadwa mwa njira ina. Ndi mgwirizano wa Viettel ya ku Vietnam, imene inatenga magawo 70 pa 100, ndi anzake a kuno kwathu otsogozedwa ndi kampani ya SPI. Inayamba ntchito mu 2012. Viettel inabweretsa ndalama, akatswiri ndi luso limene inaphunzira m'midzi ya kwawo. Inadzala mitengo ya mawaya ndi nsanja m'madera akumidzi amene ena ankawaona ngati opanda phindu. Ambiri a ife okhala kumalire, amene tinazolowera kukwera chulu kusaka netiweki ya ku Zambia, tikudziwa kusintha kumene kwafika m'maboma akumidzi kuyambira nthawi imeneyo. Komabe tisabise: SPI ndi kampani yogwirizana ndi chipani cha Frelimo, ndipo funso lakuti gawo la kwathu mu mgwirizano limadyedwa ndi yani ndi loyenera kufunsidwa nthawi zonse, kaya ndi ku Maputo kaya ndi pansi pa mtengo wa mango kuno ku Malowera.

Chitsanzo chachikulu koposa chili m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto inagula kampani yonse ya Riversdale, mwini mgodi wa malasha wa Benga, ndi madola pafupifupi mabiliyoni 4. Inkaganiza zotsitsa malasha pa mtsinje wa Zambezi ndi mabwato akuluakulu, koma boma linakana, ndipo malasha abwino anapezeka ochepa kuposa mmene ankayembekezera. Mu January 2013 mkulu wa kampaniyo, Tom Albanese, anatula pansi udindo, ndipo mu 2014 migodiyo inagulitsidwa kwa ICVL ya ku India ndi madola mamiliyoni 50 okha. Anameza chinthu asanachitafune. Akanayamba ndi gawo lochepa, akanaphunzira za njanji, za mtsinje ndi za malashawo asanakhuthule nkhokwe yonse.

Kunena chilungamo, mbali inayo ili ndi mfundo

Sindingakhale mtolankhani woona ngati ndibisa zimene otsutsa maganizo anga anganene. Pali kuphatikizana kumene kunayenda bwino. Mu 1987 kampani ya SGS ya ku Italy ndi nthambi ya machip ya Thomson ya ku France zinaphatikizana, ndipo kampani imene inabadwa, STMicroelectronics, yakhala zaka zoposa 35 ili imodzi mwa zikuluzikulu za ku Ulaya. Awiriwa anali a msinkhu wofanana, aliyense payekha anali wochepa pa msika wa dziko lonse, ndipo eni ake a mbali zonse ziwiri anasunga mawu ofanana. Pamene zinthu zili chomwechi, kukhala nyumba imodzi kumathandiza: chigamulo chimachitika msanga, ndipo simulipira alembi awiri pa ntchito imodzi.

Mgwirizano nawonso uli ndi minga yake. Woyamba ndi kudalira mnzako mopitirira. M'zaka za 2020 ndi 2021, nthawi ya mliri wa Covid-19, machip anasowa, ndipo mafakitale a magalimoto ku Ulaya, ku America ndi ku Japan anaimitsa ntchito chifukwa chosowa kachipangizo kotchipa. Pamenepo maiko anazindikira kuti machip apamwamba kwambiri amasulidwa makamaka pa chilumba chimodzi cha Taiwan, ndipo anayamba kuthira ndalama kuti mafakitale amangidwenso kwina. Mudzi wonse ukadalira chigayo chimodzi, tsiku limene lamba waduka onse amagona ndi njala.

Munga wachiwiri ndi wakuti mnzako angathe kuchoka. Ku Moatize, Vale ya ku Brazil inapangana ndi Mitsui ya ku Japan mu 2014 kuti agawane mgodi ndi njanji ya ku Nacala imene imadutsa m'Malawi, ndipo panganolo linamalizidwa mu 2017. Malonda atavuta, mu 2021 Mitsui inasiya magawo ake pa mtengo wongoyerekeza wa dola imodzi pa mgodi ndi dola imodzi pa njanji. Kenaka Vale nayo inagulitsa zonse kwa Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India, ndi madola mamiliyoni 270, ndipo malondawo anatha mu 2022. Eni mgodi anasintha, koma mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme m'zaka za 2009 ndi 2010 akali komweko. Phunziro lake ndi lakuti makampani, kaya aphatikizane kaya apangane, ali ndi khomo lotulukira. Amene alibe khomo ndi munthu wa m'mudzi. Ndiye chifukwa chake ife tiyenera kusamala kuposa iwo.

Tsono timagulu tathu tichite chiyani?

Akuluakulu amene anaona zaka zotsatira ufulu wa 1975 akukumbukira midzi ya aldeia comunal ndi minda ya koperativa, pamene m'madera ambiri anthu anasonkhanitsidwa ndi lamulo lochokera kumwamba. Cholinga chinali chabwino pa pepala, koma munda wa onse unasowa mwini, ndipo anthu ankathamangira kumunda wawo dzuwa lisanatuluke. Ndi chifukwa chake mawu akuti "tiphatikize zonse" amawawa m'makutu mwa ena mpaka lero. Komanso tonse tikudziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mlimi mmodzi wonyamula matumba atatu pa njinga alibe mawu pamaso pa wogula. Amalandira mtengo umene wauzidwa, kaya ndi wa metikali kaya ndi wa kwacha.

Uphungu wanga kwa timagulu titatu tija, ndi kwa ena onse amene ali pa mphambano yomweyi, ndi wakuti ayambe ndi goli. Anthu awiri, aliyense ali ndi ng'ombe imodzi, amamanga ng'ombezo pa goli limodzi, nalima munda wa uyu lero ndi wa uyo mawa. Madzulo ng'ombe iliyonse imabwerera m'khola la mwini wake. Momwemonso a chigayo asunge chigayo chawo, a ngolo asunge ngolo zawo, a nyumba yosungiramo asunge makiyi awo. Koma agule feteleza ndi mbewu pamodzi, asonkhanitse zokolola pa malo amodzi, ayeze pa sikelo imodzi imene onse aikhulupirira, ndipo alankhule ndi wogula ndi pakamwa pamodzi.

Asanayambe, akhale pansi ndi kuyankha mafunso anayi, ndipo mayankho alembedwe m'kope, pamaso pa a mfumu ndi mboni za mbali zonse, amayi ali pomwepo.

Loyamba: aliyense akubweretsa chiyani, ndipo ali ndi ngongole yanji? Nkhani ya Tmcel ndi ya Elpida yatiphunzitsa kuti ngongole siitha chifukwa chosintha dzina. Kagulu kamene kali ndi ngongole ya dizilo kapena ya feteleza kanene poyera.

Lachiwiri: ndani asunga ndalama, ndipo ndani awerenga pambuyo pake? Wosunga thumba achokere ku kagulu kena, wowerengera achokere ku kena.

Lachitatu: kodi mwini chinthu chimene tonse tikudalira adzapikisana nafe? Ngati a nyumba yosungiramo ayamba kugula okha chimanga kuti akagulitse, chimanga cha anzawo chidzakhala panja pa mvula. Alonjeze monga inalonjezera TSMC.

Lachinayi: wofuna kutuluka adzatuluka bwanji, ndipo adzatenga chiyani? Ena amati kukamba za kulekana pa tsiku la chinkhoswe ndi kulodza ukwati. Koma ankhoswe amaikidwa tsiku lomwelo, chifukwa makolo ankadziwa kuti m'nyumba simulephera mkangano.

Malamulo a dziko akutithandiza pa zimenezi. Lamulo la 2006 lokhudza magulu a alimi linafewetsa kalembetsedwe, kotero kuti gulu la anthu khumi lingathe kuzindikiridwa ku boma la distrito osapita ku Maputo, ndipo magulu olembetsedwa angathe kupanga mgwirizano wa magulu popanda kufafaniza maina awo. Lamulo la malo la 1997 linavomereza ufulu wa anthu pa minda imene akhala akulima mwa mwambo wa makolo, ndipo linalamula kuti anthu a m'mudzi afunsidwe malo asanaperekedwe kwa wobwera ndi chuma. Choncho pa mgwirizano uliwonse, kaya ndi wa ife tokha kaya ndi wa kampani yobwera, munda usalowe m'thumba la onse. Chigayo chikawonongeka mudzagula china, koma munda ukapita mudzaupeza kuti?

Ngati patapita nyengo zitatu kapena zinayi za ulimi timaguluto taona kuti kope likuyenda bwino, palibe wabisa thumba, ndipo mamembala eni ake akufuna kukhala gulu limodzi, pamenepo aphatikizane, monga anachitira a ku Italy ndi a ku France aja, ali ofanana mphamvu ndiponso akudziwana mtima. Kuchoka pa mgwirizano kupita pa kuphatikizana ndi kosavuta. Koma kubwerera m'mbuyo, kugawanso chigayo ndi ng'ombe zimene zasakanizidwa kale, kumathera ku bwalo la milandu, ndipo abale amaleka kuyenderana ngakhale pa maliro.

Rio Tinto inataya mabiliyoni ku Benga ndipo ikali ndi moyo, chifukwa ili ndi migodi ina m'maiko ena. Kagulu ka alimi a ku Malowera kali ndi chigayo chimodzi chokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale anga. Tiyeni tiyambe ndi nyengo imodzi ya kugula ndi kugulitsa pamodzi, ndipo pokolola tidzawerengere.

Amene ali ndi maganizo osiyana ndi angawa atilembere kalata ku tsamba lino, kapena andiimitse pamsika tidzakambirane. Kwa lero ndalekeza pomwepa.